Ana a ku Curtis Bay ndi ng'anjo imene sinayake

Mu 2012 ophunzira a pasukulu ya sekondale ya Benjamin Franklin, kummwera kwa mzinda wa Baltimore ku America, anatengedwa kukaonera sewero. Linali sewero lakale la Henrik Ibsen wa ku Norway, lotchedwa An Enemy of the People, la mu 1882. Limakamba za dokotala amene watulukira kuti madzi a m'malo osambira, omwe tauni yake imadyerapo ndalama za alendo, ndi oipa ndipo akudwalitsa anthu. Iye akuyesa kuti anthu amuthokoza. Koma mbale wake yemwe ndi meya akumutsekera pakamwa, anyuzipepala amene poyamba anamulonjeza thandizo akumuthawa, msonkhano wa tauni ukumutcha mdani, ndipo anthu akumuswera mawindo ndi miyala. Zonse zimene dokotalayo akunena n'zoona. Komabe sewero likutha iye ali m'nyumba ya mawindo osweka, watsala ndi banja lake ndi mnzake mmodzi yekha.

Pakati pa ana amene anaonera seweroli panali mtsikana wa zaka 17, Destiny Watford, wa ku Curtis Bay. Mwini wake amanena kuti masiku amenewo anali wamanyazi, wosakonda kuima pagulu. Patatha zaka zinayi, iye ndi anzake anali ataimitsa ntchito yomanga ng'anjo yotenthera zinyalala imene ikanakhala yaikulu kuposa ina iliyonse m'dziko la America. Anthu amakonda kuikamba nkhaniyi ngati ya kamwana kolimba mtima kamene kanagwetsa chimphona, ndipo kulimba mtimako kunalipodi. Koma dokotala wa m'sewero uja nayenso anali wolimba mtima, ndipo sanaphule kanthu. Chimene chimandibwezera ku nkhaniyi kawirikawiri ndi luso la kagwiridwe kake: chiti chiyambe, chiti chidikire, pogogoda ndi pati, pomenya ndi pati. Ndi ntchito ya mmisiri, ndipo imafuna kuiyang'ana monga timachitira ndi dengu lolukidwa bwino, kulitembenuza chadodolido kuti tione pamene nsungwi zinayambira.

Curtis Bay ili m'mphepete mwa doko la Baltimore. Nyumba zake n'zanjerwa, zogundizana mizeremizere, za anthu ogwira ntchito zamanja, azungu ndi akuda omwe, ambiri opeza movutikira. Kungodumpha msewu kuchokera pa nyumbazo pali phiri la malasha la kampani ya sitima zapamtunda ya CSX, odikira kupakiridwa m'sitima zapamadzi. Chapafupi pomwepo pali matanki a mafuta, mafakitale a mankhwala, malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, mtaya wa mzinda wa ku Quarantine Road, komanso ng'anjo yotenthera zinyalala za m'zipatala yaikulu kuposa zonse m'dzikomo. Malole amangodutsana mu Curtis Avenue ndi Pennington Avenue. Mu 2007 ndi 2008 dera limeneli ndilo linatsogola m'dziko lonse pa kuchuluka kwa poizoni wotuluka m'machumuni a mafakitale. Kafukufuku wa pa yunivesite ya MIT wa mu 2013 anapeza kuti mwa anthu 100,000 alionse a ku Baltimore, pafupifupi 130 amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma mpweya woipa kwa nthawi yaitali, ndipo panalibe mzinda wina wa ku America woposa pamenepo. Mphumu kumeneko ndi nthenda ya khomo ndi khomo. Mayi ake a Destiny nawonso amavutika nayo.

Anthu a ku Curtis Bay ankadziwanso kumene nkhani zotere zimathera, chifukwa anaona ndi maso awo. Midzi iwiri yoyandikana nawo, Wagner's Point ndi Fairfield, inachita kufufutika. Ku Wagner's Point khansa inawatopetsa anthu mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapempha okha kuti awasamutse, ndipo nyumba zawo zinagwetsedwa. Ku Fairfield mabanja anachoka limodzilimodzi mpaka kunatsala mafakitale okhaokha.

Kunali ku Fairfield komweko kumene kampani ya Energy Answers International, ya ku Albany m'chigawo cha New York, inasankha kumangako ng'anjo yake, pamalo a maekala 90 pamene kale panali fakitale ya mankhwala ya FMC. Chilolezo inalandira mu 2010. Inkafuna kutentha matani 4,000 a zinyalala tsiku lililonse, kuphatikizapo matayala, zotsalira za magalimoto ophwanyidwa ndi matabwa, n'kupanga magetsi okwana mamegawati 160. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva: zinyalala zimayaka, moto umawiritsa madzi, nthunzi imazunguza makina, makinawo amapanga magetsi. Vuto lake n'lakuti moto sumeza chinthu n'kuchithetsa. Chimene chalowa m'ng'anjo chimatuluka ngati phulusa lofuna kukatayidwa kwina, kapena ngati utsi. Chilolezocho chinkalola kuti chaka chilichonse m'chumuni muzituluka mercury wolemera mapaundi 240 ndi mtovu wolemera mapaundi 1,000, ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 110 ndi 450. Zitsulo ziwirizi zimawononga ubongo wa mwana amene akukula. Ndipo sukulu ya Benjamin Franklin ndi sukulu ya pulayimale ya Curtis Bay zinali pamtunda wosakwana mailosi imodzi kuchokera pamalopo. Lole ikamanyamula matani 20, matani 4,000 ndi malole 200 patsiku, kuwonjezera pa aja odutsa kale.

Ntchitoyi inali ndi akuluakulu kumbuyo kwake. Bwanamkubwa wa nthawiyo wa Maryland, chigawo chimene muli Baltimore, a Martin O'Malley, ankaichemerera, ndipo mu 2011 anasainira lamulo loika magetsi ochokera ku zinyalala zotenthedwa m'gulu limodzi ndi magetsi a dzuwa ndi a mphepo, kuti nawonso azilandira thandizo la ndalama. Kampaniyo inalonjeza ntchito mazanamazana kudera kumene anthu ambiri anali pa ulova, moti atsogoleri ena a m'deralo anali atavomera kale. Khoswe anali atakhala pamkhate: ukamugenda, akuti ukuswa mkhate wa ntchito za anthu osauka.

Apa ndi pamene luso linayambira, ndipo linayamba mwakachetechete. Anawo anapanga gulu lawo, Free Your Voice, mothandizidwa ndi bungwe la United Workers lomenyera ufulu wa anthu olandira malipiro ochepa, ndi mkulu wina wodziwa kusonkhanitsa anthu, a Greg Sawtell. Sanathamangire kumsewu ndi zikwangwani. Ankakumana akaweruka kusukulu, n'kumawerenga: mbiri ya dera lawo, mapepala a kampani, zimene chilolezo chinkanena. Mwana wa zaka 17 kukhala pansi n'kumawerenga chilolezo cha boma, chokhala ndi ziganizo zotalika ngati njanji, si chinthu chimene munthu angachijambule n'kuchionetsa pa TV. Koma zonse zimene zinadzachitika pambuyo pake zinatuluka m'mapepala amenewa.

Chipatso choyamba cha kuwerengako chinali dzina. Kampani inkaitcha ntchitoyo Fairfield Renewable Energy Project, dzina lonunkhira dzuwa ndi mphepo, ndipo zinyalala inkazitcha mafuta okonzedwa. Munthu womva dzina limeneli sakanaganiza za tayala loyaka. Anawo anakana kubwereka mawu a kampani. Paliponse pamene ankayankhula ankati ndi ng'anjo yotenthera zinyalala, basi. Ndimaona kuti chimenechi n'chachikulu kuposa mmene chimaonekera. Ukalola mnzako kutchula dzina la mlandu, wamupatsa theka la chigamulo. Munthu wofunsidwa ngati akufuna magetsi aukhondo amavomera asanaganize n'komwe. Munthu yemweyo ukamufunsa ngati akufuna kuti matani 4,000 a zinyalala aziyaka tsiku ndi tsiku pafupi ndi sukulu ya mwana wake, amayamba wakhala chete, kenako amafunsa kuti zimenezi anavomereza ndani.

Atadziwa chonena, anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ntchito imeneyi ndiyo ndimaisirira koposa, chifukwa ndi yotopetsa ndipo ilibe wokuwombera m'manja. Tangoganizani mtsikana wamanyazi ataima pakhonde la munthu amene sakumudziwa, kunja kukuzizira, wagogoda, ndipo akumva mapazi akubwera. Chitseko chatseguka pang'ono. Ali ndi mphindi imodzi yokha kuti mwini nyumba asachitsekenso. Akayamba ndi manambala a mercury, chitseko chitsekeka. Akayamba ndi kulalikira, chitsekeka msanga kuposa pamenepo. Chimene chimatsegula chitseko ndi funso, ndi kudikira yankho mpaka lithe: mwakhala kuno zaka zingati, munamvapo za ng'anjo imene akufuna kumanga ku Fairfield, m'nyumba muno alipo wodwala mphumu? Ambiri mwa anthu amene anawo anawapeza anali asanamvepo kanthu, chonsecho chilolezo chinali chitatuluka kalekale. Ndipo woyenda khomo ndi khomo amabwerako ndi zambiri kuposa zimene anapita nazo. Amabwerako ndi nkhani za achibale amene anamwalira ndi khansa, za fumbi lakuda la pamawindo, za amene anasamuka ku Wagner's Point. Zimenezi ndizo zinadzakhala mawu a gululo pamaso pa akuluakulu, ndipo palibe loya wa kampani amene akanazitsutsa, popeza zinali za eni ake.

Destiny amakonda kukumbukira bambo wina amene anawauza pakhomo pake kuti akutaya nthawi, Curtis Bay ndi kumtaya kuyambira kale ndipo idzakhala kumtaya mpaka kalekale. Bamboyo sankakonda ng'anjo. Anali atatopa, ataona zambiri zikumangidwa popanda womufunsa. Anawo anazindikira msanga kuti mdani wawo woyamba sanali ku Albany. Anali m'mitima ya anansi awo, ndipo dzina lake linali "palibe chimene chingasinthe". Mdani wotere sumugonjetsa ndi mtsutso wa tsiku limodzi. Umabweranso sabata yamawa, n'kubweranso mwezi wamawa, mpaka munthu aone kuti ana aja sanatope. Dokotala wa Ibsen anatulukira choonadi m'chipinda chake, n'kupita nacho kwa anthu chili chophikaphika, akuyembekezera kuti angomeza. Ana a ku Curtis Bay anakatola choonadi chawo m'makomo mwa anthu omwewo, kotero kuti tsiku la msonkhano panalibe wowatcha adani a mudzi. Mudziwo ndiwo unkayankhula.

Chakumapeto kwa 2013 anaguba kuchokera pasukulu pawo mpaka pamalo a ng'anjo. Mawu akuti "mtunda wosakwana mailosi imodzi" papepala sapweteka munthu. Koma ukauyenda ndi mapazi, n'kupeza kuti wafika usanatope n'komwe, thupi limamva chimene mutu unkangowerenga.

Tsopano tifike pamene ndimati mmisiri anaonekera poyera. Magulu ambiri olimbana ndi zinthu zotere amathera mphamvu zawo pa kampani yeniyeniyo: kuilembera makalata, kuitukwana, kuima pageti pake. Kampani imene eni ake amakhala kutali siimva zimenezo. Ilibe mwana pasukulu yanu, sivota m'dera lanu, ndipo kudana nayo kwanu inakuwerengera kale m'bajeti. Anawo anafunsa funso lina: magetsi amenewa adzagula ndani?

Funsoli limafika pamtima pa bizinesi ya ng'anjo. Ng'anjo yotere imafuna ndalama zoyandikira madola biliyoni imodzi, ndipo ndalamazo kampani sikhala nazo m'thumba. Imakabwereka. Wobwereketsa safuna kumva za maloto. Amafuna kuona mapepala osainidwa osonyeza kuti alipo amene alonjeza kugula magetsi kwa zaka zambiri, ndiponso amene alonjeza kubweretsa zinyalala tsiku ndi tsiku, pakuti ng'anjo ikangoyaka imafuna kudyetsedwa osalekeza. Migwirizano imeneyi ndiyo mizati ya nyumba. Pofufuza, anawo anapeza kuti mabungwe 22 a m'chigawo cha Baltimore anali atasainira kale kuti adzagula magetsi a Energy Answers, kudzera mu komiti imene imawagulira zinthu pamodzi. Munali maboma a mzinda ndi madera ozungulira, munali nyumba zosungiramo zaluso zotchuka, Baltimore Museum of Art ndi Walters Art Museum. Ndipo munali bungwe loyendetsa sukulu za boma za mumzinda wa Baltimore, eni ake a sukulu ya Benjamin Franklin.

Ndiye kuti sukulu yawo yomwe inali itavomera kulipira ndalama zoyatsira moto umene utsi wake ukanalowa m'makalasi ake. Mwa ogula 22 aja, anawo anasankha kuyamba ndi ameneyu, ndipo kusankha kumeneku n'kwanzeru zakuya. Bwanamkubwa akhoza kukana kukumana ndi ana asukulu. Mkulu wa kampani akhoza kuwatumizira mlembi. Koma bodi ya sukulu ilipo chifukwa cha ana, misonkhano yake ndi yapoyera, ndipo ilibe chinenero choyankhira mwana wake amene waima pamaso pake n'kufunsa chifukwa chimene ikugulira chinthu chomudwalitsa. Anapeza malo amodzi m'mzinda wonse pamene kukhala mwana kunali mphamvu.

Mu Meyi 2014 anapita kumsonkhano wa bodiyo. Misonkhano yotere imakhala youma: ndondomeko ya zokambirana, malipoti a ndalama, aliyense woyankhula kupatsidwa mphindi zowerengeka. Anawo analowa ndi zojambula zawo, ndakatulo ndi nyimbo imene anapeka okha, makolo ali pambuyo pawo kudzachitira umboni. Destiny anafotokoza nkhani yonse mwadongosolo, manambala ali m'malo mwake. Anzake anaimba. Ena angaone ngati nyimbo pamsonkhano wa bodi ndi zachibwana, koma ine ndimaona kuti inagwira ntchito imene manambala sakanaigwira. Munthu wa mu ofesi anazolowera kudziteteza ku manambala, amadziwa kuwayankha ndi manambala ena. Nyimbo ya mwana imamupeza alibe chishango. Ndipo manambala aja anateteza nyimboyo kuti wina asadzanene kuti ana angotengeka maganizo. Chilichonse mwa ziwirizi chinkaphimba pamene chinzake chinali poyera.

Kenako anachita chinthu chaulemu chimene chinali chakuthwa kuposa chipongwe chilichonse: anaitana a bodiwo kuti adzaone Curtis Bay ndi maso awo. Anawayendetsa m'deralo, kuwaonetsa phiri la malasha, machumuni, malole, ndi malo a ng'anjo. Sanawatche akuba kapena akupha. Anawatenga ngati anthu amene anasaina chinthu asanachimvetse, ndipo potero anawasiyira khomo lotulukira popanda manyazi. Munthu amene wamupanikizira pakona amalimbikira cholakwa chake mpaka imfa, chifukwa kubwerera kwasanduka kugonja. Ukamusiyira njira, amatha kutembenuka n'kumadzitcha mnzako. Achikulire ambiri amene akhala m'mabungwe zaka makumi sanaphunzirebe zimenezi.

Yankho silinabwere msanga. Panadutsa miyezi yambiri ya makalata, misonkhano ndi kukumbutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumayambiriro kwa 2015 mzinda ndi bodi ya sukulu anathetsa migwirizano yawo, ndipo mzati umodzi utazuka ina inayamba kugwedera. Nyumba zosungiramo zaluso, zimene zimadalira dzina labwino pamaso pa anthu, sizikanafuna kutsala zokha m'gulu la ogula utsi. Chaka chisanathe, onse 22 anali atatuluka. Ng'anjo inatsala ndi chilolezo, koma yopanda woigula magetsi ndi mmodzi yemwe.

Chilolezo chija ndicho chinali chomaliza, ndipo apa kuwerenga kwa masiku oyamba kunabala chipatso chachiwiri. M'chilolezo munali chiganizo chimodzi chonena kuti ntchito yomanga ikaima kwa miyezi 18, chilolezocho chatha mphamvu. Lamulo limeneli lili ndi chifukwa chake: luso losefa utsi limapita patsogolo, malamulo a mpweya amakhwima, ndipo boma silifuna kuti munthu asunge chilolezo chakale m'kabati n'kudzamanga nacho fakitale yachikale patapita zaka. Energy Answers inayamba kugwiragwira pamalopo mu 2013, koma pofika kumapeto kwa Okutobala chaka chomwecho ntchito inaima. Maloya a bungwe la Environmental Integrity Project, amene ankagwira ntchito limodzi ndi anawo, ankadziwa tanthauzo la chiganizo chija, ndipo anthu a m'deralo anali ndi chimene maloya analibe: ankakhala pafupi, ankatha kusuzumira pampanda n'kuona kuti palibe chikuchitika. Anayamba kuwerenga miyezi. Pofika m'katikati mwa 2015, mwa kuwerenga kwawo, miyezi 18 inali itakwana.

Nthambi ya boma la Maryland yoona zachilengedwe inangoti zii. Makalata anapita, yankho lomveka osabwera. Mu Disembala 2015 gululo linapita kulikulu la nthambiyo, litanyamula zikalata za madandaulo ndi maluwa a mpendadzuwa amene linawasandutsa chizindikiro chake. Ena anachita m'bindikiro m'nyumbamo, kukana kuchoka, ndipo anthu asanu ndi awiri anamangidwa. Taonani nthawi imene m'bindikirowu unabwera. Unabwera patatha zaka zitatu, makomo atagogodwa, ogula atachoka, makalata atalembedwa, miyezi itawerengedwa. Ukanakhala woyamba, anthu akanati ndi ana osokoneza. Pobwera pomaliza, aliyense anatha kuona amene akuzemba. Ndipo pempho lawo linali laling'ono modabwitsa. Sanapemphe lamulo latsopano, sanapemphe kuti boma liwakomere mtima. Anangoti: tsatirani chiganizo chimene munalemba nokha. Mu Malichi 2016 nthambiyo inalengeza kuti chilolezo cha Energy Answers chinatha mphamvu.

Pali amene amati ng'anjoyo ikanalephera yokha, poti kampaniyo inkavutika kupeza ndalama kuyambira pachiyambi, ndipo m'zaka zimenezo magetsi a gasi anatsika mtengo ku America. Kuvutikako kunalipodi. Koma ntchito zambiri zodwaladwala chonchi zimakhala zaka zikupuma pang'onopang'ono, kupempha kuwonjezeredwa nthawi, kudikira tsiku limene msika udzatembenuke, ndipo boma limazilola chifukwa palibe akuyang'ana. Luso la mlenje ndi kudziwa mwendo umene nyama ikutsimphina. Anawo anaona kuti chilombochi chikutsimphinira ku ndalama ndi ku nthawi, ndipo anamenya pomwepo kawiri konse.

Palinso chitonzo chimene aliyense wokana ng'anjo amakumana nacho: zinyalalazo zipite kuti, kapena mukungofuna kuti zikapsere kwa anzanu? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo gulu limene lilibe yankho lake limaoneka lodzikonda. A Free Your Voice sanadikire kuti awafunse. Ng'anjo isanagwe n'komwe anali atayamba kale kukamba zoti pamalopo paikidwe magetsi a dzuwa, ndiponso zoti malo a m'deralo azikhala m'manja mwa anthu okhalamo. M'maganizo amenewa munatuluka bungwe la South Baltimore Community Land Trust. Atapambana kwawo, anatembenukira ku ng'anjo yakale ya ku Westport, imene yakhala ikutentha zinyalala za mzindawo kuyambira 1985, ngakhale kuti ili m'dera la anthu ena. Anagwira nawo ntchito yolemba ndondomeko yoti Baltimore achepetse zinyalala kuchokera kugwero, kupatula zobwezerezedwanso ndi zowola. Ku dimba la Filbert Street, mu Curtis Bay momwemo, achinyamata a Baltimore Compost Collective amatolera zotsala za chakudya m'makomo n'kuzisandutsa manyowa. Ntchitoyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi matani 4,000, koma munthu akhoza kupita kukaigwira ndi manja, kununkhiza dothi lakuda limene dzulo linali makoko a nthochi.

Mu Epulo 2016 Destiny Watford, ali ndi zaka 20 ndipo akuphunzira pa yunivesite ya Towson, analandira mphoto ya Goldman, imene chaka chilichonse imaperekedwa kwa anthu asanu ndi mmodzi oteteza chilengedwe padziko lonse. Mphoto imafuna nkhope imodzi, ndipo inapeza yoyenera. Koma chimene chimandikhutiritsa kuti iyi inali ntchito ya luso, yoposa mwayi kapena mphatso ya munthu mmodzi, n'chakuti inaphunzitsika. Lamulo lija la 2011 linakhalabe zaka zambiri, anthu akulimbana nalo chaka ndi chaka kunyumba ya malamulo ya Maryland ku Annapolis, mpaka mu 2025 pamene kutentha zinyalala kunachotsedwa m'gulu la magetsi olandira thandizolo.

Ndipo pasukulu ya Benjamin Franklin panabwera ana ena, amene nthawi ya ng'anjo anali ku pulayimale. Pa 30 Disembala 2021 pamalo a malasha a CSX panaphulika, nyumba zinagwedezeka, mawindo anasweka m'misewu yoyandikana nawo. Anthu a ku Curtis Bay anali atadandaula za fumbi lakuda kwa zaka zambiri, ndipo yankho linkakhala lakuti palibe umboni woti fumbilo ndi la malasha, mwina ndi utsi wa malole. Ana atsopano a Free Your Voice anayamba monga anayambira akulu awo. Anatenga timapepala toyera tomata, n'kutiika m'malo osiyanasiyana m'deralo, pafupi ndi mulu wa malasha ndi kutali nawo, n'kutisiya masiku angapo. Pokatitenga tinali titada. Anatipereka kwa asayansi a pa yunivesite ya Johns Hopkins kuti akationere pa makina okuza zinthu, ndipo mu Disembala 2023 lipoti limene nthambi ya boma ija inalemba nawo limodzi linatsimikiza kuti fumbi la malasha likupezeka m'dera lonselo, mpaka kufupi ndi sukulu yawo.